Phazi langa linakana kona imene galimoto inaivomera

Mwezi watha mnzanga wina, wamkulu ndithu kwa ine, anandibwereka galimoto yake ya mpikisano, Radical SR3, kuti ndizungulire nayo bwalo la mipikisano ya magalimoto kangapo. Ine ndakhala pa galimoto yaing'ono yopepuka yotchedwa Caterham Seven kwa zaka zambiri, ija ya injini ya Ford Duratec ya malita 2.0, ndipo bwalo limenelo ndimalidziwa mpaka malo amene phula lidayamba kusweka. Pomanga malamba ndinkaganiza kuti ndikukalawa Seven yothamangirapo pang'ono, basi. Kuchokera tsiku limenelo nkhani yosintha galimoto yandikakamira, ndipo zambiri zimene ndinkayerekezera nazo magalimoto ndazitaya.

## Pa pepala sasiyana

Tonsefe okonda timagalimoto topepukati tili ndi matenda amodzi. Timatenga mphamvu ya injini, kugawa ndi kulemera kwa galimoto, kenako n'kumakangana usiku wonse pa nambala yotulukayo. Chabwino, tiyeni tichite zomwezo. Seven 420R ili ndi 210 bhp (muyeso wa mphamvu ya injini) ndipo imalemera makilogalamu pafupifupi 560. SR3 ya 1500cc ili ndi pafupifupi 230 bhp pa makilogalamu 620. Mukawerengera, yoyambayo ikupereka 375 bhp pa tani iliyonse, yachiwiriyo 370 kapena pamenepo. Kusiyana kotereku kumafafanizika ndi thupi la dalaivala lokha.

Koma Seven adaijambula Colin Chapman ku kampani ya magalimoto ya Lotus mu 1957, pa nthawi imene magalimoto a mpikisano anali asanamere mapiko, ndipo Caterham atagula ufulu woipanga mu 1973 sanasinthe maonekedwe ake. Radical ndi kampani ya 1997, ya Mick Hyde ndi Phil Abbott ku Peterborough, anthu amene adayamba kale akudziwa kuti mphepo ikhoza kugwira ntchito. Zaka 40 zili pakati pawozo sizioneka pa nambala ija ya tani. Ine ndinakumana nazo pa kona.

## Kona yotsetsereka ija

Pa bwalo lathu pali kona yokhotera kumanja, yothamanga, yotsika phiri, ndipo potulukira pake sipaoneka mpaka mutalowa kale. Amene mudayendapo pa bwalo la Donington Park ku England ganizirani makona a Craner Curves, ndi ya mtundu umenewo. Ndikakhala pa Seven ndimachotsa phazi pa moto, kukhudza buleki pang'ono kuti mphuno ikhale pansi, kenako n'kuilowetsa. Kumbuyo kumaterereka pang'ono, ine n'kuwongola ndi moto. Ndimaikonda kona imeneyo chifukwa ndi pamene ndimamva kuti ndikugwira ntchito.

Ndisananyamuke, mwini galimoto anawerama pambali panga n'kugogoda pa helimeti.

"Achimwene, pa kona yotsetsereka ija musaponde buleki. Ndipo mukalowa, phazi likhale pomwe lili. Mukalidzutsa pakati, galimoto iyamba kuvina."

Ndinagwedeza mutu koma mumtima ndinkaseka.

Maulendo oyamba ozungulira sanandisangalatse n'komwe. Galimoto inali gwa, kabampu kalikonse kankafika mu msana, ndipo pa makona ang'onoang'ono mphuno inkakana kukhota. Matayala a slick, osalala aja opanda mizere, akakhala ozizira alibe chifundo. Injini nayo pansi pansi inali ngati yagona, inkadzuka mapeto ake akumwamba, kupitirira 10,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), phokoso lake lili kumbuyo kwa khutu. Ndinatsala pang'ono kubwerera ku galaja kukanena kuti Seven yanga ndi yabwino.

Kenako matayala anatentha, ine n'kuyamba kuonjezera liwiro, ndipo galimoto inasintha khalidwe. Chiwongolero chinayamba kulemera. Pa makona othamanga nthiti zinkakanikizika ku mpando, mutu ukufuna kugwera kunja. Chimene chinandizunguza n'chakuti ndikamathamanga kwambiri galimoto inkakhala bata kwambiri. Pa Seven zimakhala zosiyana, liwiro likakwera kutsogolo kumapepuka ndipo chiwongolero chimayamba kuyandama m'manja.

Ndiye ndinatsimikiza mtima kuti kona ija ndiidutsa phazi lili pansi. Ndinalowa, ndinapuma mpweya n'kuugwira, ndinatuluka. Ndinabwereza. Pobwerera ku galaja ndinali wonyada.

Mkuluyo analumikiza kompyuta ku galimoto osanena kanthu, n'kutsegula mzere wosonyeza mmene ndinkapondera moto. Pa kona ija, ulendo uliwonse, mzerewo unkagwa pang'ono n'kukweranso.

"Madala, ine sindinachotse phazi."

"Inu simunachotse, achimwene. Phazi lanu ndi limene linachotsa."

Anaika mzere wake pamwamba pa wanga. Wake unali wowongoka kuyambira polowera mpaka potulukira. Popeza SR3 ili ndi mipando iwiri, anandiuza kuti ndikhale kumbali andionetse. Titafika pamwamba pa phiri, pamene thupi langa lonse limadziwa kuti apa ndi pochepetsera, injini inapitiriza kulira mofanana. Mwendo wanga unaponda buleki imene kunalibe. Galimoto inakhota bwinobwino, osaterereka, osalira matayala, ndipo kunja kwa kona kunatsala malo. Malo otsalawo ndi amene akundisowetsa tulo, chifukwa ankatanthauza kuti ngakhale pa liwiro limenelo galimoto inali isanafike pa malire ake.

## Zimene phazi lidaphunzira

Phazi langa silinachite zachilendo. Linachita zimene Seven idaliphunzitsa, ndipo pa Seven phunziro limenelo ndi loona. Kugwira msewu kwa Seven kumachokera ku matayala ndi masipuling'i okha. Pa makilomita 80 pa ola kapena 160, kuli chimodzimodzi kapena kwacheperapo. Malire ake amakuchenjezani, mumawamva akubwera kudzera m'chiuno chifukwa mumakhala pafupi ndi matayala akumbuyo.

SR3 ili ndi chinthu chachiwiri, downforce. Splitter (mbale yotulukira pansi pa mphuno) kutsogolo, phiko kumbuyo ndi diffuser (njira yotulutsira mphepo) pansi zimachititsa mphepo kukanikizira galimoto pa phula, ngati mmene mkono umakankhidwira pansi mukautulutsa pa windo n'kuupendeketsa. Mphamvu imeneyi imakula mofulumira kuposa liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake pa kona yaing'ono SR3 siisiya Seven patali, koma pa kona yothamanga imafika kupitirira 2g (mphamvu yokankhira m'mbali yowirikiza kawiri kulemera kwake) pamene Seven ili pamwamba pang'ono pa 1g.

Apa ndi pamene pali msampha kwa munthu wochokera ku galimoto yopanda mapiko. Mukachita mantha pakati pa kona n'kudzutsa phazi mwadzidzidzi, kulemera kumathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kupepuka, ndipo liwiro likatsika mphepo imene imakugwirani nayonso imachepa. Mukamayenda mwamantha ulendo wonse, matayala amazizira, galimoto n'kuyamba kuterereka pa liwiro lochepa, inu n'kuonjezera mantha. Pali dera lapakati, losathamanga mokwanira, pamene galimoto imeneyi imakhala yoipa kwambiri, ndipo mlendo aliyense amayambira m'dera limenelo.

Mabuleki nawo ali ndi zawo. Pa liwiro lalikulu matayala apanikizika kwambiri pa phula, choncho mumaponda buleki ndi mphamvu zonse poyambirira penipeni, kenako n'kumamasula pang'onopang'ono pamene liwiro likutsika ndi downforce ikutha. Mukagwira mphamvu yomweyo mpaka kumapeto, matayala akutsogolo amaima, n'kupsa malo amodzi, ndipo slick yopsa malo amodzi imanjenjemeretsa galimoto mpaka mutaitaya.

Funso langa linasintha tsiku limenelo. Ndinasiya kufunsa kuti yothamanga ndi iti. Ndinayamba kufunsa ngati ndili wokonzeka kukhalanso wophunzira, kumapitiriridwa ndi anthu amene pa Seven sakanandiona n'komwe.

## Moyo wowerengedwa m'maola

Nditayamba kufufuza za kugula, ndinapeza kuti eni ake a SR3 salankhula za makilomita. Amalankhula za maola.

Injini ya SR3 imachokera ku Suzuki Hayabusa, njinga yamoto imene idatuluka mu 1999 ndi 1299cc, n'kukula kufika 1340cc mu 2008. A Radical amaimanganso okha, ina kuisiya pa 1340cc, ina kuikulitsa kufika 1500cc. Idapangidwira njinga yopepuka ya tayala limodzi lokoka, ndiye tsopano ikukoka galimoto ya makilogalamu 620 ya matayala aakulu omata pa phula. Giyabokosi ili m'kati mwa injini momwemo, zikugawana oyilo. Komanso njinga imapendekeka pa kona, oyilo n'kukhala pansi pamene pampu ikumufuna. Galimoto siipendekeka, oyilo amathawira m'mbali, n'chifukwa chake pamafunika dry sump, thanki yapadera yosungira oyilo. Zonsezi zikaphatikizidwa, injini imayenera kutsegulidwa ndi kukonzedwanso ikagwira maola pafupifupi 40.

Maola 40 amamveka ochepa mpaka mutakumbukira kuti pa tsiku lathunthu pa bwalo, nthawi imene injini ikuthamangadi ndi maola awiri kapena atatu. Komabe wotchiyo siima, ndipo ndi imene imasintha mmene munthu amaganizira. Pa Seven ndimazungulira mpaka petulo atatha, osawerengera kanthu. Duratec ndi injini ya galimoto wamba za Ford, imafuna oyilo watsopano ndi kuiyang'anira, ndipo makaniko aliyense wodziwa ntchito akhoza kuitsegula. Mnzanga wa SR3 uja amadziwa mtengo wa ola lililonse. Amatenga ndalama yokonzera injini, kugawa ndi maola, kuonjeza matayala ndi mabuleki, ndipo akamatuluka m'galaja amadziwa chimene akukayesa. Sazungulira chabe kuti asangalale. Kunena zoona, mbali imeneyi ndi imene imandiziziritsa nkhongono kuposa kona ija.

Pali kanthu kenanso kamene aliyense wochokera ku injini ya galimoto ayenera kukadziwa asanakwere. Galimoto ya injini ya njinga ikazungulira n'kuyamba kubwerera chammbuyo giya ili m'kati, injini imazungulitsidwa mobwerera ndipo sitata imatha kuonongeka pomwepo. Lamulo ndi lakuti ikangotembenuka, kulachi ndi buleki zonse pansi nthawi yomweyo.

Matayala a slick nawo amakalamba ndi kutentha ndi kuzizira, osati ndi kutha kwa mphira kokha. Seti ikhoza kuoneka yatsopano ndi maso koma itauma kale. Ndipo zinthu zina zimatha ndi kalendala ngakhale galimoto itangokhala: malamba ovomerezeka ndi FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto padziko lonse, amagwira zaka 5, thanki ya petulo yofewa ya mtundu wa FT3 nayonso zaka 5. Galimoto yogulitsidwa motchipa nthawi zambiri imakhala kuti madeti onsewa akutha limodzi.

## Ena amene ndinawayang'ana

SR10, imene idatuluka mu 2020, ndi yankho la a Radical kwa anthu otopa ndi wotchi ya maola. Ili ndi Ford EcoBoost ya malita 2.3 ya turbo, 425 bhp, makilogalamu 725, ndipo injini yake imakhalitsa isanatsegulidwe. Koma munthu amene phazi lake likudzuka lokha ndi 230 bhp, kumupatsa 425 sikumuthandiza kanthu. Adzathamanga poongoka, n'kufika pa kona ndi liwiro lalikulu ndi mantha aakulu.

Praga R1 ya ku Czech Republic ndiyo inandikopa maso: denga, 365 bhp kuchokera ku injini ya Renault ya malita 2.0 ya turbo, makilogalamu 643, ndi thupi la carbon fibre, ulusi wolimba koma wopepuka womatidwa pamodzi. Revolution, kampani imene Phil Abbott adayambitsa atachoka ku Radical, nayonso idasankha carbon fibre ndi Ford V6. Carbon imateteza bwino pa ngozi, palibe wotsutsa. Nkhani ili pa zimene zimachitika ngozi itatha. Seven ndi SR3 zonse ndi za mapaipi achitsulo, ndipo paipi yopindika imaoneka ndi maso, imadulidwa, n'kuwotchereredwa ina. Carbon ikhoza kusweka m'kati kunja kukuoneka bwino, ndipo oiyeza ndi kuikonza ndi ochepa.

Ariel Atom 4 ili ndi 320 bhp ya Honda Civic Type R pa makilogalamu 595. Ndi yoopsa poongoka, koma pa nkhani ya mphepo ili m'banja la Seven. Kusinthira kumeneko ndi kugula phunziro lomwe ndili nalo kale pa mtengo wokwera.

Ginetta G40 ndi njira ina kotheratu. Imalemera cha m'ma makilogalamu 800, ili ndi denga, injini ya Ford ya malita 1.8, mphamvu zochepa, ndipo imaphunzitsa mpikisano weniweni wa khomo ndi khomo. Lando Norris, dalaivala wa Formula 1, adadutsa mu mpikisano wa achinyamata wa Ginetta Junior mu 2014. Ndikanakhala kuti ndikuyamba kumene, ndikanaiganizira kwambiri. Formula Ford nayo, imene idayamba mu 1967 ndipo Ayrton Senna, katswiri uja wa Formula 1, adathamanga nayo mu 1981, ndi sukulu yabwino, koma ilibe mapiko, ndipo masiku ambiri otsegukira anthu wamba pa mabwalo salola galimoto ya mpando umodzi ya matayala osavundikira ngati imeneyi kusakanikirana ndi zina. Mukhoza kukhala ndi galimoto yabwino yopanda kokaiyendetsa.

## Mudzathamanga ndi ndani

Ili ndi funso limene mapepala otsatsa malonda sayankha, ndipo ndaona likugwetsa anthu ambiri.

SR3 pa tsiku lotsegukira aliyense ndi galimoto yosungulumwa. Poongoka, magalimoto akuluakulu a mphamvu zambiri amakusiyani. Pa kona mumawapeza ataima pakati pa njira, ndipo malamulo a masiku oterewa kawirikawiri saloleza kupitirira pa kona. Ndiye mumakhala kumbuyo kwawo, matayala akuzizira, wotchi ya maola ikuwerenga. Ndi yotsika kwambiri moti dalaivala wa galimoto yaitali sakuonani pa galasi. Galimoto imeneyi imafuna anzake, ndipo mwayi wake ndi wakuti ilipo yambiri: ma SR3 opangidwa adapitirira 1,000 kalekale, mipikisano ya ma Radical okhaokha ili m'mayiko angapo, masipeya amapezeka, ndipo mukafuna kugulitsa ogula alipo. Galimoto yosowa, ngakhale ikhale yothamanga bwanji, imakusiyani mukupikisana ndi wotchi yokha.

Koma apa Seven siigonja. Caterham Academy, mpikisano wa ma Seven wa anthu oyamba kumene, idayamba mu 1995, ndipo galimoto imene munthu amayambira nayo kumeneko amatha kuikweza pang'onopang'ono kupita ku magulu apamwamba a Roadsport, 270R mpaka 310R osagula ina. Popeza Seven imalimbana kwambiri ndi mphepo, wotsatira kumbuyo amakokedwa, n'kupitirira poongoka, kenako nayenso n'kupitiriridwa. Magalimoto ambiri amafika pa mzere womaliza ali mulu umodzi. Pa magalimoto a mapiko zimakhala zosiyana: mukayandikira mnzanu pa kona yothamanga, mphepo yake yosokonezeka imakulandani downforce kutsogolo, mphuno n'kuyamba kukana. Liwiro ndi lalikulu, koma kulimbana kwa pafupi n'kovutirapo. Ku America adathetsa nkhaniyi mwa njira yawo ndi Spec Racer Ford ya bungwe la mipikisano la SCCA, imene idayamba mu 1984 ndi dzina la Sports Renault: magalimoto ofanana, injini zomatidwa kuti wina asazitsegule, mzere woyambira wodzaza. Si yothamanga kwambiri, koma yakhala zaka zonsezi.

Ndiye pali nkhani ya manja. Seven ndimaikweza ndekha pa ngolo, kuitsitsa ndekha, kuyeza mpweya wa matayala n'kulowa. SR3 ndi yotsika moti kuikweza pa ngolo kumafuna matabwa aatali kapena kuchotsa mphuno yonse, ndipo zigawo za thupi lake zimanyamulika bwino ndi anthu awiri. Kutalika kwake kuchokera pansi kumayezedwa m'mamilimita, pa malo osalala, tayala lililonse lili pa sikelo yake, chifukwa diffuser ikakwera kapena kutsika pang'ono galimoto yonse imasintha. Kukwera m'mphepete mwa kona, kumene pa Seven ndi chizolowezi, kukhoza kuswa splitter. Ambiri amene ndawaona akusangalala ndi SR3 ali ndi timu yowasungira galimoto kapena mnzawo wodziwa sipana amene amayenda nawo. Amene amabwera okha amathera theka la tsiku atagwada.

## Pamene ndafika

Seven sindinaigulitse. Ndagwirizana ndi timu ina kuti ndibwereke SR3 yawo pa mpikisano umodzi wathunthu, kuyambira zoyeserera mpaka mbendera yomaliza, ndi munthu wowerenga data pambali panga. Ndikufuna kuona ngati mzere wa phazi uja ungawongoke pamene pali magalimoto ena m'mbali, komanso ngati khosi langa lingapirire mpikisano wonse, poti tsiku lija linapweteka mpaka m'mawa mwake.

Zikayenda bwino ndidzagula ya 1340cc, osati ya 1500cc. Mphamvu zochepazo sizidzandichedwetsa pamene ndikuchedwera panopa, ndipo pa makona othamanga mapiko ake ndi omwewo. Kwa wogulitsa ndidzapempha zinthu zitatu ndisanapite n'kukaiona: maola ndi rpm yapamwamba zimene kompyuta ya injini idasunga, pepala la amene adatsegula injini komaliza, ndi zithunzi za madeti a pa malamba ndi thanki. Wogulitsa woyamba amene ndinamuimbira ananditumizira zithunzi zokongola za penti yatsopano, koma nditafunsa za maola anati akayang'ana kaye. Mpaka lero sanaimbenso.